Galimoto Si Nyanga ya Nsatsi

Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere m'manja. Makolo athu ankanena mawu amenewa akatopa ndi kulangiza mwana wosamva, koma sankawanena mwankhanza. Ankadziwa kuti pali nzeru zina zimene sizilowera kukhutu. Phesi la nsatsi ndi lamphako, lanthete, lodzala madzi. Ukalisema m'mawa limaoneka ngati nyanga yeniyeni, koma dzuwa likamafika paliwombo limakhala litafota kale. Mwana uja amalira pang'ono, n'kulitaya, ndipo kuyambira tsiku limenelo saliriranso nyanga ya nsatsi. Waphunzira yekha, walipira ndi misozi yake, ndipo pamudzi palibe wina amene wataya kanthu.

Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa umalemekeza mwana, umavomereza kuti naye ali ndi mutu woti aganizire. Koma uli ndi malire ake, amene akuluakulu aja sankavutika n'kuwatchula poti aliyense ankawadziwa. Palibe anasulirapo mwana mkondo kuti umufotere m'manja. Kunyanja, mwana wa msodzi ngakhale alire mpaka mawu kusasa, sapatsidwa bwato kuti alowe nalo pakati mwera ukuwomba. Amayamba kupalasa m'mbali, pamadzi olekeza m'chiuno. Kenako amakwera ndi atate ake zaka zingapo, akuphunzira kuwerenga mitambo, mphepo ndi maonekedwe a madzi, mpaka tsiku limene akuluakulu a padoko adzavomereze kuti tsopano wakhwima. Mwana ankalekereredwa pa zinthu zimene zikalakwika apweteka yekha, pang'ono, mawa n'kuchira. Ife a masiku ano tinatola theka la nzeruyi, theka linalo tinalisiya. Tikupereka makiyi a galimoto zaliwiro kwa anthu amene manja awo sanazolowere chiwongolero, n'kumati aphunzira pamsewu pomwepo.

Kale kuyendetsa galimoto inali ntchito yoyambira pansi. Mnyamata ankayamba ndi kutsuka lole, kukweza katundu, kuthamanga ndi mwala wotchingira tayala pachitunda. Zaka zinkatha ali pampando wakumanzere, maso ali pa manja ndi mapazi a dalaivala wamkulu, asanaloledwe ngakhale kuisuntha pabwalo. Galimoto nazo zinali zouma mtima. Kilatchi inali yolimba, giya inkakana, ndipo ukafika pa 80 chilichonse chinkanjenjemera, mawindo akulira, chiwongolero chikugwedezeka m'manja. Galimoto yokha inkakuuza kuti mwana iwe, wathamanga.

Lero munthu amasankha galimoto pafoni, n'kutumiza ndalama ku Japan. Pakatha miyezi ingapo yatsika sitima ku Dar es Salaam, yalowera pa Songwe, yafika pakhomo. Ichi n'chinthu chabwino ndipo sindikuchidandaula. Mphunzitsi, namwino, mayi wa geni, anthu amene makolo awo anafa asanagwirepo chiwongolero, lero amatengera okha odwala kuchipatala usiku. Koma tiyang'ane bwino chimene chafika pakhomocho. Galimoto zambiri zopangidwira msika wa ku Japan zili ndi muvi wa liwiro wolekeza pa 180, kaya ndi Vitz, kaya ndi Sienta, kaya ndi Mark X ya injini yaikulu imene anyamata amaisirira. Zambiri ndi za otomatiki: popondera pawiri basi, pa mafuta ndi pa buleki. Munthu amene sanayendetsepo akhoza kuizungulitsa pabwalo la mpira masana amodzi, madzulo n'kumadzimva kuti watha. Choopsa koposa n'chakuti galimoto zimenezi zimabisa liwiro. Mawindo atsekedwa, kamphepo kozizira kakuwomba, nyimbo ikulira, mpando uli wofuwofu. Muvi uli pa 120 koma thupi silikumva kanthu. Dalaivala wakale ankachenjezedwa ndi phokoso. Watsopanoyu alibe womuchenjeza kupatula kamuvi kamene sakukayang'ana n'komwe.

Ku Japanko galimoto yotereyi imathamanga chonchi pamisewu ikuluikulu yotchingidwa m'mbali, yosadutsamo munthu wapansi, njinga kapena mbuzi. Kwathu kuno imaikidwa pa M1.

Aliyense amene anayendapo pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 300, akudziwa kuti M1 si msewu wa galimoto zokha. M'malo ambiri ndi kanjira kamodzi kopita, kamodzi kobwera, m'mbali phula litadyeka. Pamsewu womwewo pakuyenda ana asukulu, ngolo ya ng'ombe, wakabaza atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, njinga yosenza matumba atatu a makala otambalala kuposa njingayo. Misika inamera m'mphepete mwake chifukwa ndi mmene muli ogula: Nathenje, Chimbiya, Bembeke, Lizulu, Tsangano, Kampepuza, Zalewa. Imani pa Lizulu tsiku la msika muone. Tsidya lino la msewu ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo anthu amawoloka mosalekeza ngati akudutsa pabwalo la pakhomo pawo. Minibasi ikangoima, amayi khumi amaithamangira ndi mabeseni a tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere, maso onse ali pawindo pamene patulukire ndalama. Mayi wina wagulitsa koma alibe chenji. Akutuma kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kuti kakasinthe tsidya linalo. Kamtsikanako kafumbata ndalama, kazungulira kumbuyo kwa minibasi, kaponya phazi pamsewu. Sikangaone chimene chikubwera chifukwa minibasi yatchinga, ndipo chimene chikubweracho nacho sichingakaone.

Zimene zichitike apa zagona pa liwiro, ndipo masamu ake ndi osavuta. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Kuti maso aone, mutu uzindikire, phazi lichoke pa mafuta lifike pa buleki, pamadutsa mwina sekondi ndi theka, ndipo galimoto imakhala itayenda mamita 25. Mabuleki akagwira bwino pa phula louma, imafuna mamita ena 20 kuti iime. Onse pamodzi ndi mamita 45. Pa 120, sekondi ndi theka yomweyo imadya mamita 50 phazi lisanakhudze buleki, ndipo mabuleki amafuna mamita ena 80, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Ndiye kuti kamtsikana kaja kakatulukira mamita 50 kutsogolo, woyenda pa 60 aima, akalipa, mtima uli phaphapha, koma mwanayo akadya nsima madzulo. Woyenda pa 120 amugunda asanayambe n'komwe kuponda buleki. Apa palibe luso limene lingamupulumutse, palibe pemphero la m'mawa limene lingafupikitse mamita aja. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa liwiro la 65, mpata woti afe umakhala wochuluka kanayi ndi theka kuyerekeza ndi wogundidwa pa 50. Chikwangwani cholembedwa 50 polowa pamsika sichinaikidwe kuti apolisi apezerepo chonena.

Tsono dalaivala wokhwima amasiyana pati ndi watsopano, poti masamuwa sasankha munthu? Amasiyana m'maso. Wokhwima akaona minibasi itaima pamsika, phazi limachoka lokha pa mafuta asanaone munthu aliyense, chifukwa zaka zinamuphunzitsa kuti kumbuyo kwa minibasi yoima kumatuluka munthu. Akaona mpira wagubuduzikira pamsewu amadziwa kuti mwini wake akubwera. Akaona mbuzi imodzi yawoloka amayembekezera yachiwiri. Akaona wanjinga akucheuka amadziwa kuti akufuna kukhota. Mvula yoyamba ikagwa amadziwa kuti fumbi ndi mafuta zasakanikirana pa phula, msewu waterera. Maso ake amakhala kutali, akusesa m'mbali monse. Watsopano maso ake amakhala pafupi, pamphuno pa galimoto, akulimbana ndi kuti asatuluke mumzere. Ngozi amaiona itafika kale. Ndipo tayala lakumanzere likagwera m'mbali modyeka muja, amachita mantha, n'kukokera chiwongolero kumanja ndi mphamvu zonse, galimoto n'kulumphira mbali ya anzake kapena kugubuduzika. Wokhwima amangochotsa phazi pa mafuta, n'kuilola iyende m'mbalimo pang'ono, n'kubwerera mofatsa.

Nzeru zimenezi sizipezeka pa milungu ingapo ya kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Kusukulu amakuphunzitsa zikwangwani, kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo, kunyamuka pachitunda. Zonsezo n'zofunika, koma laisensi imangochitira umboni kuti munthu akhoza kuyamba kuphunzira payekha. M'mayiko amene anawerengera bwino ngozi zawo anapeza kuti nthawi yoopsa kwambiri kwa dalaivala ndi miyezi yoyamba atangolandira laisensi. Manja amafulumira kuzolowera kuposa maso. Pakatha miyezi iwiri mantha aja atha, dzanja limodzi lili pachiwongolero, lina lili pafoni, munthu akudziona katswiri, chonsecho sanakumanepo ndi chifunga cha ku Dedza, sanatsikepo mapiri a Chiweta mabuleki atatentha, sanathobwedwepo m'maso ndi nyali za thiraki usiku wa mvula. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndipo ndisanamizire achinyamata okha. Bambo wa zaka 45 amene wagula galimoto yake yoyamba ndi ngongole ya kubanki ndi mwana pamsewu, ngakhale kuntchito amamutcha bwana. Iyeyu nthawi zina ndiye wovuta kumulangiza, chifukwa imvi zimamuletsa kufunsa.

Komabe pa mnyamata pali moto wina wowonjezera, ndiwo anzake. Mnyamata yemweyo amene amayendetsa mofatsa akatenga amayi ake kupita kutchalitchi amasanduka wina akakweza anzake anayi Loweruka madzulo. Wakumbuyo akuti ponda moto amwene, tachedwa. Wina akujambula muvi wa liwiro pafoni kuti akaonetse anthu pa WhatsApp. Galimoto ina yawapitirira, onse akuwa kuti asatidyere, ipitirire nawenso. Ali pa ulendo wa kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, nyengo ya Khirisimasi, mabotolo ali pansi pa mpando, lamba palibe wamanga. Pa zaka zimenezo kunyozedwa ndi anzako kumawawa kuposa kuopa imfa, chifukwa imfa sunaionepo pafupi koma manyazi umawadziwa. Akupitirira thiraki pachitunda, kutsogolo sikukuoneka, akudalira kuti injini ndi yamphamvu adutsa msanga. Injini yamphamvuyo ndi imene yamunyenga kuti ayese chinthu chimene pa galimoto yofooka sakadachiganiza n'komwe.

Zikachitika timasonkhana pamaliro n'kumatonthozana kuti tsoka silinunkha, inali nthawi yake, Mulungu wapereka Mulungu watenga. Mawu amenewa ali ndi malo ake. Mayi amene wataya mwana safunika masamu a mamita pa tsiku loika maliro, amafunika womugwira dzanja. Koma tikabwerako kumanda, tikasesa, tiyenera kulimba mtima n'kuuzana zoona, chifukwa tsoka ili limanunkha. Linanunkha tsiku limene laisensi inapezeka mwachidule munthu asanayesedwe mokwanira, ndipo tonse timamva kuti njira zoterezi zilipo. Linanunkha pamene anthu a pamudzi ankaona mnyamatayo akuliza matayala pakona n'kumangoti ameneyu tsiku lina. Linanunkha pamene matayala osalala anasiyidwa kuti adikire malipiro a mwezi wamawa. Kuponyera zonse kwa Mulungu n'kumunamizira mlandu umene tapalamula tokha. WHO inalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, kuti ngozi za pamsewu ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiponso kuti Africa ndi kumene mpata wofera pamsewu uli waukulu koposa, ngakhale kuti galimoto zathu n'zochepa poyerekeza ndi za kwina. Imfa singakhale ndi nthawi yoikika imene imakonda dera limodzi chotere.

Ndipo ambiri mwa amene timawaika m'manda kuno sanali m'galimotomo. Anali pansi, anali panjinga. Apa ndi pamene mwambi wa nsatsi umathera mphamvu. Galimoto yamakono imateteza mwini wake: ili ndi lamba, ili ndi zikwama za mpweya zophulika pangozi, chitsulo chake chimapindika kuti wam'kati apulumuke. Wophunzira uja nthawi zambiri amatuluka ndi chilonda pachipumi, phunziro walitenga ndithu, mwina sadzathamanganso moyo wake wonse. Koma amene walipira sukuluyo ndi wogulitsa makala amene sanakwerepo galimoto yaing'ono chibadwire.

Amene sanafe timawaiwala msanga. Pitani m'chipinda cha othyoka mafupa kuchipatala cha Queen Elizabeth kapena cha Kamuzu Central. Mupeza bambo wagona chagada, chitsulo chabooledwa pafupa la mwendo, chingwe chadutsa kumapazi kwa bedi, cholemera chikulendewera kuti fupa la ntchafu liwongoke. Agona choncho milungu yambiri osatembenuka. Mkazi wake wasiya munda nthawi yopalira, akugona pansi pambali pa bedi, akuphika kukhitchini ya odikirira odwala ndi ufa wopempha kwa abale. Ana kumudzi asiya sukulu chifukwa njinga imene inkabweretsa ndalama inapindika ngati waya. Bamboyu akadzatuluka, mwendo wina udzakhala waufupi, ndipo matumba atatu a makala sadzawakwezanso chitunda. Dzina lake silinatuluke pawailesi chifukwa sanafe.

Ku Japan komwe timagula galimotozi, munthu akangolandira laisensi amalamulidwa kumata chizindikiro chobiriwira ndi chachikasu kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kwa chaka chathunthu, lamulo limene lakhalapo kuyambira mu 1972, ndipo madalaivala ena saloledwa kumupanikiza kapena kumudula kutsogolo. Ku New Zealand mu 1987 anayamba kupereka laisensi m'magawo: woyamba uyende ndi wokuyang'anira, wachiwiri uyende wekha koma osati usiku kwambiri ndipo osanyamula anzako mwachisawawa, wachitatu ndiye ufulu wonse. M'zigawo zina za Australia dalaivala watsopano saloledwa kugwira galimoto ya injini yamphamvu kwambiri, ndipo mowa m'magazi mwake usapezeke ngakhale dontho. Anthu amenewa sanatulukire chachilendo. Anangolemba m'malamulo zimene agogo athu ankachita osalemba, zakuti mphamvu imaperekedwa pang'onopang'ono molingana ndi kukhwima kwa woilandira. Ife tinaitanitsa galimoto za ku Japan, koma chizindikiro chija tinachisiya padoko. Wophunzira akangochotsa chikwangwani cha L lero, mawa ali ndi ufulu wofanana ndi wa munthu amene wayendetsa zaka 30. Aphungu athu ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu akhoza kukonza zimenezi popanda kumanga mlatho kapena kukongola ndalama kunja. Dziko lathu lili m'gulu la United Nations limene linalonjeza kuchepetsa ndi theka imfa za pamsewu pofika 2030, ndipo chaka chimenecho chayandikira.

Pali gulu lina limene sindingaliweruze mofanana ndi ana a m'nyumba za mipanda. Mnyamata wa Sienta yonyamula anthu kapena wa njinga yamoto sathamanga chifukwa chofuna kutchuka. Mwini galimoto anamuuza ndalama yoti azibweretsa madzulo aliwonse, mafuta ndi ake, chotsala ndiye malipiro ake. Ulendo umodzi wowonjezera ndiwo ndiwo za ana ake. Ambiri a kabaza anaphunzira njinga kwa mnzawo masiku awiri, lachitatu ananyamula munthu, chipewa choteteza mutu palibe. Mlandu waukulu apa uli kwa mwini chuma amene amapereka makiyi kwa aliyense wolonjeza ndalama zambiri, osafunsa kuti wayendetsa zaka zingati, iye n'kukagona tulo kunyumba. Ulinso kwa ife okwera. Timakhala chete muvi ukukwera, aliyense akuyang'ana mnzake, kuopa kuti kondakitala atiyankha mwano kapena ena atiseka kuti ndife amantha. Ena mwa ife ndi amene timakalipira dalaivala wofatsa kuti akuyenda ngati wanyamula mazira. Pa galimoto zambiri analembapo kuti kuthamanga sikufika, ndipo timawerenga mawuwo tikukwera, koma pakamwa pathu satuluka nthawi imene akufunika.

Malamulo adzasintha nthawi yake ikakwana, koma makiyi ambiri saperekedwa ndi boma. Amaperekedwa pakhonde, ndi bambo wonyadira kuti mwana wake wakula, ndi mayi wotopa amene akufuna wina amuthamangire kumsika, ndi malume amene safuna kuoneka woumira pa tsiku la ukwati. Kukana kumawawa, makamaka mwana akakuyang'ana n'kunena kuti adadi, simundikhulupirira? Muyankheni kuti mumamukhulupirira, koma maso ake sanaone zokwanira, ndipo zimenezo si mlandu wake. Chaka choyamba khalani naye pampando wakumanzere. Muyende naye usiku, muyende naye mvula ikugwa, mudutse naye pamsika tsiku la msika, muzimuuza mokweza zimene inu mukuona iye asanazione. Ulendo wautali wa anzake okhaokha udikire. Galimoto ya injini yaikulu idikire. Akamwa, ngakhale botolo limodzi, makiyi agone m'thumba mwanu. Ndipo inunso mukagwira chiwongolero iye ali pambali, tsikani pa 50 pamene palembedwa 50, chifukwa phazi lanu wakhala akuliyang'ana kuyambira ali wamng'ono.